Seva Imene Ndinaisunga Kuchipinda

Ndapempha kuti zimene ndinene pano zilembedwe, ndipo chifukwa chake ndichinena poyera. Muholo muno muli anthu a magulu osiyanasiyana. Ena mumayang'anira tsamba la pa intaneti la mpingo wanu, ena la gulu lothandizana pa maliro, ena mukungoyamba kumene ntchito yofanana ndi yathu. Gulu lililonse lotere limakhala ndi munthu mmodzi amene amadziwa kumene zonse zimasungidwa, ndipo enanu mumachita naye manyazi kumufunsa. M'gulu lathu munthu ameneyo ndinali ine. Nkhani yongoyenda pakamwa imafewa m'njira. Pofika chaka chamawa ena adzati makina anangowonongeka okha. Sanawonongeke okha. Ndikufuna kuti amene adzalowe m'gulu lathu ife titachoka adzapeze zoona zake, ndiponso adzamvetse chifukwa chimene malamulo athu a kasungidwe ka ntchito alili okhwima chomwechi.

Dzina langa ndine Edina Kamwendo. Ndinaphunzira zamakompyuta ku koleji ku Blantyre pa nthawi imene akazi m'kalasi tinali owerengeka, ndipo kwa zaka zambiri ndinkayang'anira makina a kampani ina kumeneko. Kuno ku London mapepala anga sanandipatse ntchito yofanana nayo. Ndimasamalira mafayilo mu ofesi ya chipatala china. Ndi ntchito yolemekezeka, koma sifuna ngakhale theka la zimene ndinaphunzira, ndipo zimenezo zinkandidya mumtima kuposa mmene ndinkavomerera.

Gulu lathu limapanga pulogalamu yotchedwa Mphasa. Kwa amene simukudziwa, kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu imene imaidzutsa ndi kuyendetsa mapulogalamu ena onse. Yathuyi ndi ya mtundu umenewo. Tinatenga imene eni ake amalola aliyense kuiwerenga, kuisintha ndi kuigawa mwaulere, tinaipeputsa kuti iziyenda pa malaputopu akale, ndipo tinaimasulira m'Chichewa. Amene amatolera malaputopuwo ndi kuwakonza ndi Bambo Tendai Mbewe a ku Wembley, obadwira pa famu ku Zimbabwe kwa makolo ochokera ku Dedza, amene ntchito yawo ndi yolumikiza mawaya ndi zokuzira mawu pa misonkhano ikuluikulu. Akawakonza timaikamo Mphasa, timawalongedza m'madiramu, n'kuwatumiza pa kontena ku sukulu ziwiri zakumudzi. Womasulira wamkulu ndi Sisita Agnes Nkhoma, namwino. Woyesa ngati zonse zikuyenda ndi Mayi Mwanza ochokera ku Lusaka, amene amasamalira okalamba ndipo saopa munthu. Palibe amene amalipidwa.

Ntchito yotere imafuna seva, ndiye kuti kompyuta yosazimitsidwa, imene imasunga ntchito ya aliyense, ndipo malaputopu ali kutaliwo amatengako zosintha zatsopano. Funso la kumene seva ikhale litabwera, sindinalole kuti likhale funso. Ndinagula makina, ndinawaika m'fulati yanga ku Ilford, kuchipinda kwanga kogona, m'kabati ya zovala, ponena kuti waya wa intaneti unalowera kumeneko.

Nonsenu mukudziwa chimene chipinda cha mayi wa msinkhu wanga chili. Bambo Mbewe, ngakhale akanafunitsitsa bwanji, sakanapempha kulowamo. Amayi anzanga omwe ankathera pabalaza. Waya uja ndikanatha kuukokera pabalaza popanda vuto. Sindinatero, pakuti ndinkadziwa kuti ulemu wa anthu athu umatseka kuposa loko wachitsulo. Pasiwedi ndinali nayo ndekha. Njira yosonkhanitsira ntchito ya onse kuti ituluke pulogalamu imodzi inali m'mutu mwanga mokha. Kope lachiwiri losungira linalipo, inde, pakuti ndinaphunzitsidwa bwino. Linali pa makina ena aang'ono, pa shelefu yapansi ya kabati yomweyo.

Bambo Mbewe anafunsapo kamodzi, mwaulemu, ngati makinawo akupeza mpweya wokwanira. Ndinawayankha kuti ku Blantyre tinkalimbana ndi dzuwa la Okutobala, koma dziko lino ndi firiji kale. Anthu anaseka, nkhani inathera pomwepo.

M'nyengo yotentha ya kuno ndinapita kumudzi ku Ntcheu kukamanga chiliza cha bambo anga. Ndinatseka mawindo onse, ndinakoka makatani, ndinatseka kabati, ndinakhoma chipinda, makiyi n'kuwaponya m'chikwama. Fulati yanga ndi yapamwamba penipeni, pansi pa denga. Ndili kumudziko, London inatentha kwabasi. Uthenga wa Bambo Mbewe unandipeza ndili pakati pa achibale: seva sikuyankha, kodi makiyi mwasiyira ndani? Sindinasiyire aliyense.

Nditabwerera, fungo linandichingamira pa chitseko cha chipinda. Makina onse awiri anali atapsa m'kati. Ndinauza gulu kuti ndi vuto laling'ono, ndikukonza, ndipo ndinapitiriza kunena zomwezo sabata ndi sabata. Kontena imene tinkadikira inanyamuka, madiramu athu anatsalira m'galaja ya Bambo Mbewe chifukwa popanda seva malaputopuwo sakanatha kulandira zosintha, pamene aphunzitsi kumudzi anali atalonjeza kale ana. Ena m'gulu anasiya kuyankhula. Ine ndinasiya kubwera ku tchalitchi kuno ku Tottenham, ndikumati ndili ndi chimfine. Tsiku lina ndinaona Sisita Nkhoma pa siteshoni ya sitima ku Ilford, ndipo ine, mayi wamkulu wa mumpingo amene ndimalangiza atsikana za kunena zoona, ndinabisala kuseri kwa chipilala mpaka sitima itawatenga. Ndikaweruka ndinkakhala pa bedi, kabati ili chitsegulire, n'kumayang'ana makina akufa. Pamenepo ndi pamene ndinafika.

Bambo Mbewe anali atauza gulu kuti kontena yotsatira ikadzafika Mphasa isanadzuke, adzaika m'malaputopumo pulogalamu ina iliyonse, ya Chingerezi chokhachokha, ndipo gulu lidzathera pomwepo. Sanali kuopseza. Galaja inali itadzaza, ndipo munthu sangasunge lonjezo la ana m'madiramu mpaka kalekale.

Loweruka lina masana belu linalira. Anali Sisita Nkhoma ndi Mayi Mwanza, onse ali m'mayunifolomu, akuchokera ku shifiti. Ndinawalandira monga mwa mwambo. Ndinaphika tiyi, tinafunsana za kumudzi, za chiliza, za ulendo. Mayi Mwanza anamwa tiyi wawo mpaka kumaliza, anaika kapu pansi, nayankhula m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka.

"Manje, amai Kamwendo, ise sitingangene mu chipinda chanu. Ba Mbewe nabo bali pansi apo, bakana na kukwela masitepe. Letani chabe chinthu chija kuno tichione."

Ndinasuzumira pawindo. Bambo Mbewe analidi pansi, ataima pafupi ndi shopu ya zipatso, chikwama cha zida chili m'manja, nkhope atalozetsa kumsewu kuti asaoneke ngati akuyang'ana nyumba ya mayi.

Ndinayamba kufotokoza kuti ndatsala pang'ono kumaliza kukonza. Sisita Nkhoma sanandidule. Anadikira kuti ndimalize, kenaka anafunsa funso limodzi, mofatsa monga amafunsira wodwala. Anafunsa ngati masamba a malangizo amene anamasulira akadalipo, aja ndinawalamula kuti azilembera pa seva penipeni, osasunga pa laputopu yawo, poopa kuti pangakhale makope osiyana.

Ndinayang'ana pawindo. Basi inaima pansi, inatsitsa anthu, inanyamukanso. Ndinaganiza za miyezi imene mayi ameneyu ankachoka ku wodi miyendo itatupa, n'kukhala pansi kufunafuna mawu oti mwana wakumudzi amve popanda womufotokozera.

"Palibe, Sisita," ndinatero. "Anapsa onse."

"Ndinadziwa," anayankha. "Ndimangofuna ndimve kwa inu. Kukwiya ndakwiya, ndipo sindikulonjezani kuti kutha lero. Koma kuti mutulutse makinawo simukufunika chikhululukiro changa. Katengeni."

Ndinalowa kuchipinda ndekha, ndipo mwachizolowezi ndinatseka chitseko kumbuyo kwanga. Ndinagwada, ndinasolola mawaya limodzilimodzi, ndinasanjikiza makina aang'ono pamwamba pa aakulu, n'kuwanyamula onse pamimba. Anali olemera kuposa mmene ndinkakumbukira. Nditafika pa chitseko ndinaima. Manja onse awiri anali atagwira katundu, ndipo msana wanga sukanalola kuti nditsitse n'kunyamulanso. Ndinaima pamenepo nthawi ndithu, makina akundikanikiza m'nthiti, ndikumva masupuni akulira m'makapu kuseri kwa chitseko. Kenaka ndinaitana.

"Mayi Mwanza, tanditsegulirani."

Chiyambire gulu lathu, aka kanali koyamba kuti ndipemphe munthu kanthu. Mayi Mwanza anatsegula, nkhope atatembenuzira kumbali, ndipo ndinadutsa.

Tinaitana Bambo Mbewe. Anavula nsapato pakhomo, anamasula makinawo pa tebulo, ananunkhiza, natsimikiza kuti palibe chopulumutsa. Kenaka ananena chimene ine, chifukwa cha manyazi, ndinali ndisanafune kuchiganizira: aliyense amene ankalemba pulogalamuyo ankayamba watenga kope lonse pa laputopu yake, choncho thupi la Mphasa linali lamoyo ku Wembley, ku Tottenham ndi kwina. Chimene chinatayika chinali masamba a Sisita ndi zokambirana zathu zakale. Chimene chinasowa chinali njira yophatikizira zidutswazo, ndipo imeneyo inali itakhala pa sofa pamaso pawo, ikumwa tiyi wozizira.

Kubwerera kwanga kunayamba ndi kuuza gulu lonse zoona, popanda kuchotsera. Ena anayankha mwachifundo, ena sanayankhe, mmodzi anachoka ndipo sanabwererenso. Kenaka ndinayamba kuphunzitsa. Loweruka lililonse limene mashifiti analola, tinkakumana pabalaza panga, ine ndikunena, iwo akuchita ndi manja awo ndi kulemba sitepe iliyonse pamalo oti membala aliyense angawerenge. Sindinali mphunzitsi wofatsa. Mayi Mwanza ankati ndikanakhala hedimisitiresi ana onse akanathawira ku sukulu ya boma. Koma anaphunzira.

Funso la kumene seva yatsopano ikhale tinalibweretsa muholo muno, pamaso pa onse. Abusa Chikopa, mwa kukoma mtima kwawo, anapereka kaofesi kawo ka kuseri kwa guwa. Ndinawathokoza, koma ndinati kaofesi ka abusa ndi chipinda changa ndi pachibale: makiyi ali ndi munthu mmodzi amene aliyense amachita naye manyazi, ndiponso ena mwa ife ndi a mipingo ina. Abusa anaseka navomera. Panatsala njira ziwiri. Kampani ina yaikulu inkapereka malo aulere kwa magulu odzipereka ngati lathu, ndipo Bambo Mbewe anaikonda chifukwa zonse kumeneko zinali zokonzeratu. Kampani ina yaing'ono inkabwereketsa makina wamba m'nyumba yoziziritsidwa bwino, pa mtengo woti zopereka zathu zikanakwanitsa, koma chilichonse tinayenera kudzikonzera tokha. Anthu anakangana mpaka tiyi anatha. Kenaka, monga kale, maso onse anatembenukira kwa ine, ndipo wina anati popeza ndine wophunzira ndingowasankhira.

Abale anga, apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere, pakuti yesero lalikulu silinali tsiku la makina akupsa. Linali tsiku limeneli. Yankho ndinali nalo, ndipo mawu aja anakoma m'makutu mwanga monga kale. Ndinaimirira n'kunena kuti sindisankha. Ndinati tiyese malo onse awiri ndi funso limodzi: kodi Mayi Kamwendo atamwalira lero, otsalanu mungadzutse Mphasa pamenepo? Ndinapempha kuti tsiku la mayesolo mundiyese wakufa.

Abusa sanakondwere nawo mawuwo. Anati tisaitane imfa, tingonena kuti mayi apita kumudzi kopanda netiweki.

"Awe, abusa," anatero Mayi Mwanza. "Wa kumudzi amakwela pa chulu na kutuma foni. Aba tibaziba. Bafe chabe."

Zinagwirizanidwa choncho.

Tsiku la mayeso linali Loweruka, muno momwe. Matebulo tinawaika pakati. Ine anandiikira mpando kukhoma uko, pafupi ndi chitseko cha kukhitchini. Foni yanga inalowa m'thumba la Sisita Nkhoma. Lamulo linali lakuti, pogwiritsa ntchito makope a pa malaputopu awo ndi masitepe amene analemba, adzutse Mphasa pa seva yopanda kanthu, kenaka aisamutsire kwina, kenaka laputopu imodzi yochokera m'diramu itenge zosintha kuchokera pamenepo.

Anayamba ndi kampani yaikulu. Zinayenda mofulumira kotero kuti mumtima ndinayamba kuvomereza kuti Bambo Mbewe ananena zoona. Ndiye Bambo Mbewe anatuluka kukagula zakumwa pa shopu yapangodya. Otsalawo atafuna kulowa kuti apitirize, makina anatumiza nambala yotsegulira ku foni ya mwini malowo, pakuti mphatso yaulereyo inkalola mwini mmodzi yekha, ndipo foniyo inali m'thumba la jekete ya Bambo Mbewe pa mzere wa m'shopu. Anakhala manja ali m'khosi. Bambo Mbewe atalowa ndi mabotolo, Mayi Mwanza anawauza kuti zikomo kwambiri, seva yachoka kuchipinda kwa Mayi Kamwendo yalowa m'thumba la a Mbewe. Poyesa kusamutsa, anapeza kuti zida zokonzeratu zija zimagwira ntchito kwa eni ake okha; kulowa kunali khomo lalikulu, kutuluka kunali kawindo. Bambo Mbewe anayesa njira zingapo, kenaka anakankhira mpando kumbuyo nanena okha kuti mphatso imeneyi ili ndi chingwe.

Anatembenukira kwa kampani yaing'ono. Kumeneko zinayenda pang'onopang'ono, Sisita akuwerenga sitepe, Mayi Mwanza akutaipa. Ali pakati, ndinaona ndili pampando wanga kuti adumpha kanthu. Panali chilolezo china chimene chimayenera kuperekedwa pulogalamu isanayambe kuphatikizidwa. Sanalakwe iwo ayi. Ndine amene sindinawauze, chifukwa kwa zaka zonsezo zala zanga zinkachita zimenezo zokha, mutu osadziwa. Ndinagwira m'mphepete mwa mpando. Ndinatsokomola.

"Bakufa sibakosomola," anatero Mayi Mwanza osatembenuka.

Holo yonse inaseka, ndi abusa omwe. Ine sindinaseke. Ndinaona ntchito ikuima ndi uthenga wofiira pa sikirini. Ndinaona akubwereza sitepe yomweyo n'kulepheranso. Bambo Mbewe anandiyang'ana kamodzi, ndipo ndinaika maso pansi, pa nsapato zanga. Mawu ofunikawo anali pa nsonga ya lilime langa, mawu ochepa chabe, ndipo ndinkadziwa kuti ndikawanena ntchito itha msanga, koma mayeso adzakhala atalephera, ndipo Mphasa idzabwerera m'mutu mwanga. Ndinapinda manja pamiyendo n'kuyamba kupemphera chamumtima, osati kuti apambane, koma kuti ine ndikhale chete.

Sisita Nkhoma anavala magalasi awo, anawerenga uthenga wofiira uja mokweza, mawu ndi mawu, kenaka anaumasulira m'Chichewa monga amachitira ndi masamba awo. Atautembenuza choncho anati makinawa akudandaula kuti akanizidwa kulowa penapake. Bambo Mbewe anafufuza kuti ndi pati. Mayi Mwanza anayesa, analakwa, anayesanso. Mizere inayamba kuyenda. Sisita anatenga laputopu yawo, nawonjezera sitepe yosowayo pa malangizo a gulu, pamalo pake.

Kusamutsa kunatheka popanda chovuta, pakuti makina wamba amafanana kulikonse. Pomaliza Bambo Mbewe anatulutsa laputopu ya m'diramu, yakale, yong'aluka pangodya. Anaiyatsa, anailumikiza, tinadikira. Pa sikirini panatuluka mawu a Chichewa onena kuti zosintha zalandiridwa. Bambo Mbewe anavula chipewa. Mayi Mwanza anayambitsa nyimbo chapansipansi ndipo ena anailandira. Ine ndinakweza dzanja monga mwana wa sukulu, n'kufunsa ngati ndikuloledwa kuuka.

Sisita Nkhoma anabwera kukhoma kuja, anandibwezera foni, nati, "Ukani, Mayi. Koma mwaona nokha kuti maliro anu tayendetsa bwino."

Sindinamvepo chimwemwe chotere pa ntchito iliyonse imene ndinagwira, ngakhale tsiku limene ndinalandira satifiketi.

Lero Mphasa imakhala pa makina obwereka kwa kampani yaing'ono ija. Kope lachiwiri lili kwa kampani ina, m'dziko lina la kum'mwera kwa Africa, kufupi ndi kwathu, kotero kuti aphunzitsi sadikira nthawi yaitali potenga zosintha, ndipo moto wa nyumba imodzi sungathe kudya zonse. Olowa ndi anthu atatu ogwira mashifiti osiyana, aliyense ndi pasiwedi yake. Ntchito ya munthu aliyense imakhalanso pa laputopu yake. Mayeso aja timawabwereza nthawi ndi nthawi, ndipo wakufa amasinthidwa. Ulendo wapitawu anali Mayi Mwanza, ndipo kukhala chete kunawavuta kuposa ine. Madiramu anakwera kontena yotsatira, Mphasa ili m'kati mwa laputopu iliyonse. Masamba a malangizo Sisita anawamasuliranso onse, ena ine ndikuwataipira iwo akunena. Akuti angapo atuluka bwino kuposa oyamba, koma ndisatengerepo mwayi.

Kwa inu amene mwasunga ntchito ya gulu pamalo poti anzanu sangafike popanda kuodira, kaya ndi kuchipinda, kaya ndi m'foni, kaya ndi m'mutu, ndikunena monga mayi wanu: musadikire kutentha. Itanani anzanu sabata ino, khalani kukhoma, pindani manja. Mudzavutika, koma mudzadzuka wopepukidwa. Ndipo inu amene muli ndi munthu wotere m'gulu lanu, ulemu wanu usakhale loko wake. Pitani mukamwe tiyi wake mpaka kumaliza, kenaka mufunse.

Kuti umboni uwu ukhale wokwanira, amene analipo tsiku la mayeso ndi awa: Abusa Chikopa, amene anatsegula holo ndi kupemphera, Sisita Agnes Nkhoma, Mayi Judith Mwanza, Bambo Tendai Mbewe, Mayi Mbewe, amene anabweretsa mandasi, Bambo Lameck Gondwe, oyendetsa basi, amene anaimirira monga mboni ya mamembala ena, Mayi Esnart Kalua a ku Ilford, amene analemba zochitika, ndi ine, Edina Kamwendo, amene ndinakhala pa mpando wa kukhoma kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo palibe amene anafunika kundifunsa kanthu.